Kodi Mlendo Ali ndi Mau pa Bwalo la Eni?

Tabwera ndi funso lakale ngati midzi yathu yomwe, lingakhale masiku ano limveka kwambiri pakati pa akuru a dziko. Funsolo ndi ili: kodi munthu wa kunja, amene atithandiza m'kusowa kwathu, ali ndi mau pamene ife eni takhala pansi kuweruza mirandu yathu? Ndipo ngati ali nao, mau acewo alekeze pati? Kapena wina wa ife kuno ku Nsanama adzati, Izo nza ku Lilongwe, nza akazembe ndi aphungu, ife zitikhudza bwanji? Taleza mtima, mbale, pakuti tidzaona kuti akuruwo akayambana, mtondo umene uleka kulira ndi wa kuno kumudzi.

Tiyambe ndi fanizo. Tiyese kuti caka ca njala mbumba ina ya m'mbali mwa mseu wa ku Ntaja yatha cimanga mvula isanagwe. Munthu wa mudzi wina, wa nkhokwe zodzala, nabwera ndi matumba, nadyetsa ana kufikira masika. Caka cinzace natero ndithu. Tsono mbumba ija iyambana ndi mwini mbumba wao, ena nati, Timcotse tiike mphwace, ena nati, Iai. Ali cikhalire pansi pa mtengo, afika mthenga wa mwini cimanga uja, nanena, Mukamcotsa ameneyu, wolowa m'malo mwaceyo ine sindidzamdziwa. Kodi munthuyu wacita bwino, kapena walakwa? Mmodzi adzati, Wakutsina khutu ndi mnansi, wangotiuza cimene cidzaoneka. Mnzace adzati, Mlendo ndi mame, cimanga cace sicinamsandutse mbale wathu wa bere limodzi. Ndipo onse awiri agwira miyambi ya makolo, ndipo miyambi yonse iwiri njoona. Apa mpamene pali bvuto lathu.

Tidziwe poyamba anthu awiri amene tikunenawo. Phungu ndi munthu amene ife tamsankha ndi voti kuti akakhale pakamwa pathu m'Nyumba ya Malamulo. Kumeneko apanga malamulo, abvomereza misonkho, nagawa cuma ca dziko. Kazembe ndiye mthenga wa dziko lina wokhala pakati pathu, maso ndi pakamwa pa boma limene lamtuma. Maiko anapangana za akazembe mumzinda wa Vienna caka ca 1961. Panganolo limteteza kazembe kuti asamangidwe kapena kuzengedwa mlandu ndi eni dziko. Koma gawo lace la 41 limuuza kuti alemekeze malamulo a dziko limene akhalamo, asalowerere nkhani za m'kati mwace, ndi kuti nchito yace aiyendetse kudzera ku unduna woona za maiko akunja. Ndipo gawo la 9 lipatsa eni dziko mphamvu ya kumcotsa nthawi iri yonse, osanena ndi cifukwa comwe. Cotero phungu afunsidwa ndi ife, kazembe afunsidwa ndi kwao. Ndipo awiriwa akakomana pa nkhani imodzi, yense ayang'ana kumbuyo kwace kwa amene anamtuma.

Tisadabwe kuti aphungu athu acita nsanje ndi bwalo lao, pakuti mbiri ya dziko lino iwaphunzitsa kutero. Harry Johnston anafika kuno mu 1889 ali ndi dzina la kazembe wa Britain, nayenda kupangana mapangano ndi mafumu. Pofika 1891 anali wolamulira dziko, ndipo mu 1895 asilikari ace anagonjetsa mfumu Kawinga pa phiri la Chikala, m'dera lathu lomwe lino. Bwalo la malamulo linakhazikitsidwa ku Zomba mu 1907, koma munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Wotilankhulira anali mmishoni, monga Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Anthu a mtundu wathu analowamo koyamba mu 1949, ocita kuikidwa ndi Bwanamkubwa, ndipo osankhidwa asanu, mwa iwo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, analowa mu 1956. Munthu amene anakhala zaka 42 akumva ena akumnenera za iye mwini, sakondwa msanga mlendo akamuuza kuti, Pa mlandu uwu uweruze cakuti.

Koma tsono tione cimene cacitika m'masiku athu, ndipo tidziyese nazo tokha.

M'mwezi wa May 1992 maiko otithandiza anasonkhana ku Paris, naimitsa cithandizo cao cacikuru, kupatula ca njala ndi ca othawa nkhondo, kufikira boma la Dr. Banda litalemekeza ufulu wa anthu. Nyumba ya Malamulo ya masiku amenewo inali ya cipani cimodzi, ndipo akuru a cipanico anati alendo akulowerera. Koma iwo amene anali kulira zipani zambiri anakondwera, nati alendowo ndi abwenzi a Amalawi. Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri, ndipo mu May 1994 mwana wa boma lathu lino la Machinga, a Bakili Muluzi, anakhala Pulezidenti.

Zitapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 2002, munalowa m'Nyumba ya Malamulo bilu yofuna kucotsa malire a maulendo awiri amene Pulezidenti aloledwa kulamulira. Atsogoleri a mipingo anakana, akazembe a maiko otithandiza nacenjezanso poyera. Pamenepo ambiri a iwo aja anaomba m'manja mu 1992 anatembenuka, nati, Dziko lino ndi laufulu, alendo asatiuze zocita. Pa 4 July 2002 aphungu 125 anabvomera, 59 nakana. Mavoti atatu okha anaperewera, ndipo biluyo inagwa.

Caka ca 2005 ndico citiphunzitsa koposa. A Bingu wa Mutharika, amene anasankhidwa mu 2004 pa dzina la UDF, anaturuka m'cipanico mu February 2005 nayambitsa cao ca DPP. Aphungu ambiri m'Nyumbamo anali a zipani zotsutsa, ndipo anayamba njira ya kumcotsa pa mpando monga gawo 86 la Malamulo Akuru a dziko lilola. Mkangano unakula kotero kuti mu June Sipikala, a Rodwell Munyenyembe, anakomoka m'Nyumba momwemo mkati mwa phokoso, namwalira patapita masiku owerengeka ku South Africa. Ndico caka comwe mvula inadula pakati, ndipo anthu oposa 4 miliyoni anasowa cakudya. Ife a kuno sitifuna wotikumbutsa, pakuti tinaona amai akugona pa mzere kudikira cimanga, ndi ana akuodzera m'kalasi ndi njala. Mu October akazembe a maiko angapo, mwa iwo Britain, America ndi South Africa, analembera atsogoleri a zipani kalata, kuwacenjeza kuti mlanduwo ucotsa maso a dziko pa njala, ndi kuti maiko ao sadzakhala apafupi kugwirizana ndi boma lobadwa m'njira imeneyo. A zipani zotsutsa anaiona kalatayo ngati cala coloza m'maso mwa Nyumba ya Malamulo. A boma anaiona ngati mau a nzeru. Khoti Lalikuru linaimitsa mlanduwo, ndipo pambuyo pace unazirala. Taonani, ili ndi fanizo lathu lija la mwini cimanga, lacitika pa bwalo la dziko lonse.

Ndipo gudumu linazungulirabe. Pa cisankho ca 2009 cipani ca DPP cinapeza aphungu ocuruka, ndipo Nyumbayo inapanga malamulo amene anadetsa nkhawa ambiri: lina losintha gawo 46 la malamulo a mirandu, kupatsa nduna mphamvu ya kuletsa nyuzi, lina lomanga manja a makhoti pa kuletsa boma kucita kanthu. Akazembe anadandaula. Mu April 2011 kalata yacinsinsi imene kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, analembera akuru ace ku London inaululika m'nyuzi. M'menemo ananena kuti Pulezidenti akunka naumirira kulamulira yekha, wosafuna kudzudzulidwa. Boma linamcotsa m'dziko, Britain nayenso nabweza woimira Malawi ku London, ndipo mu July anaimitsa ndalama zothandizira ndondomeko ya cuma ca boma. M'zaka zimenezo pafupifupi 40 kwaca pa 100 kwaca iri yonse ya ndondomekoyo inali yocokera kunja. Aphungu anabvomereza ndondomeko yodalira misonkho yathu yokha, misonkho nikwera, mafuta a galimoto nasowa, ndipo pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 July anthu 20 anafa. Iye amene alendo anamcinjiriza mu 2005 ndiye anapitikitsa mlendo mu 2011. Ndipo iwo amene anatukwana kalata ya 2005 anali m'gulu la oyamikira akazembe mu 2011.

Phunziro loyamba tsono ligwa pa ife tomwe. Kanai konse funso linali limodzimodzi, koma yankho la munthu linatsata kumene kunali phindu la cipani cace. Mlendo akanena zotikomera timucha bwenzi la cilungamo. Akanena zotiwawa tikumbuka msanga kuti ndife dziko loima palokha. Uku ndiko kukhala ndi miyeso iwiri, mbale yaikuru pogula ndi yaing'ono pogulitsa, cinthu cimene pa msika wa Nsanama ticiyesa kuba. Munthu woona mtima ayenera kupeza muyeso umodzi umene adzaulola ngakhale tsiku limene udzamweruza iye mwini. Tiyese kuufuna.

Ife tiona kuti mlendo wothandiza akhoza kucita zinthu zitatu zosiyana, ndipo anthu azisokoneza.

Coyamba ndi kucenjeza. Ici sitingamletse, ndipo tikamletsa tidzipweteka tokha. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Aona cimene eni nyumba anacizolowera kufikira analeka kuciona. Ngakhale mkamwini, amene sakhala pa mpando wa mwini mbumba, akaona denga la apongozi likuyaka sayamba wafunsa ngati ali ndi ufulu wa kupfuula. Ndipo za kalata ya Cochrane-Dyet tinene zoona: iye analembera akuru ace, imene iri nchito yeniyeni ya kazembe ali yense, ndi athu omwe amene tiwatuma kunja. Kumcotsa kunali kololedwa ndi pangano la ku Vienna, koma si zonse zololedwa ziri zanzeru; ndipo mtengo wace anaulipira odwala m'zipatala ndi alimi, amene sanaiwerenge nkomwe kalatayo.

Caciwiri ndi kumana cuma cace. Icinso, ngakhale ciwawa, ndi ufulu wace. Ndalama zimene atipatsa ndi misonkho ya anthu a kwao, anchito ndi amasiye omwe, ndipo kazembe adzafunsidwa ndi nyumba ya malamulo ya kwao momwe zinayendera. Pamene kuba kwa ndalama za boma ku Capital Hill kunaululika mu 2013, maiko aja anaimitsanso thandizo. Ndani wa ife akadapitiriza kuthira ufa m'dengu lobooka? Koma pano pali malire a cifundo. Womana ayenera kufunsa kuti cikwapu cace cigwera pa msana wa yani. Nduna sigona ndi njala thandizo likaima. Agona ndi njala mai wa ku Nsanama amene sanaponye voti m'Nyumba ya Malamulo. Cifukwa cace a ku Paris anacita bwino mu 1992 posiya cithandizo ca njala ciyende, ndipo ali yense womana ayenera kutsata citsanzo cimeneco.

Cacitatu ndi kulamula ciweruzo mlandu usanathe, kunena kuti, Mukaweruza cakuti, ine sindidzamdziwa wolowa m'malo. Apa ife tiyesa kuti mlendo wadumpha mpanda. Kalata ya 2005 inali ndi mbali ziwiri. Pokumbutsa za njala inanena zoona, ndipo aphungu anayenera kucita manyazi kuti mlendo ndiye awakumbutsa za ana ao. Koma kucotsa Pulezidenti ndi mphamvu imene Malamulo athu Akuru anapatsa Nyumbayo, ndipo ngati aphungu anaiyendetsa mokhota, wowaongola analipo, ndiye khoti, limene linacitadi nchito yace. Bwalo limene liweruza likuyang'ana nkhokwe ya mlendo laleka kukhala bwalo, lingakhale ciweruzo cace citakhala colungama. Pakuti mawa mlendo wina, wa mtima wina, adzagula ciweruzo cokhota pa mtengo womwewo.

Wina adzatitsutsa nati, Nanga alendowo sadziwa zambiri kuposa aphungu athu? Nthawi zina adziwadi, koma si nthawi zonse. Njala ya 2002 isanafike, a bungwe la IMF analangiza kuti gawo la cimanga ca m'nkhokwe za dziko ligulitsidwe kubweza ngongole. A kuno anagulitsa pafupifupi conse, ndipo njala itafika nkhokwe zinali zopanda kanthu, yense naloza mnzace. Ndipo mu 2005, pamene aphungu ndi boma anafuna feteleza wotsika mtengo wa makuponi, ambiri a otithandiza anakayika. Koma nchitoyo inayamba, mvula nigwa bwino, ndipo zokolola za 2006 zinaposa za caka capitaco kawiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mlendo akalakwa pa uphungu wace, zaka zace zitatu kapena zinai zikatha alongedza napita ku dziko lina. Phungu akalakwa abwerera kumudzi kuno, nayenda pa maliro a iwo amene analakwiridwa. Ici ndi cifukwa cacikuru cimene mau otsiriza ayenera kukhala a eni.

Koma tisathamangire kuwapatsa aphungu ulemu umene sanaugwirire nchito. Ufulu wa kukana mlendo uli nao iye yekha amene amvera eni. Mu 2007, pokangana za gawo 65 lonena za aphungu osintha cipani, ndondomeko ya cuma imene inayenera kuyamba pa 1 July inabvomerezedwa mu September, anthu a m'midzi, mafumu ndi ophunzira akupempha, akazembe akupemphanso. Boma ndi otsutsa onse anali ndi mbali yao pa kucedwako. Ndipo cinthu cotikhumudwitsa koposa ndi ici: a Mutharika atamwalira mu April 2012, a Joyce Banda nalowa, aphungu omwe aja osankhidwa mu 2009 anafafaniza lamulo la gawo 46 ndi la makhoti lija m'mwezi wa May, pasanathe zaka ziwiri citawapangire. Ngati malamulowo anali abwino, anawafafaniziranji? Ngati anali oipa, anawapangiranji, anthu akulira? Nyumba imene itembenuka ndi mphepo ya wokhala pa mpando siingathe kuimirira pamaso pa kazembe ndi kunena kuti, Ife timvera anthu athu okha. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Ndipo mtengowo ndife, amene tinawatuma.

Tikumbukirenso kuti dzanja lolandira silicedwa kufooka pa bwalo. Nyumba yeniyeniyo imene aphungu akhalamo ku Lilongwe, yotsegulidwa mu 2010, inamangidwa ndi ndalama za dziko la China. Sitinena ici monyoza mphatso, pakuti kuyamika ndi khalidwe la munthu woleredwa bwino. Koma mbumba imene idya ca mlendo caka ndi caka idzamva mau a mlendo caka ndi caka, ndipo kukwiya sikudzacotsa ici. Walira mvula walira matope. Njira ya kucepetsa mau a mwini cimanga ndiyo kudzaza nkhokwe yathu, ndi kuisunga kuti anyamata a pakhomo asaiboole pansi. Tambala iri yonse yobedwa m'thumba la boma iwonjeza mau a kazembe pa bwalo lathu, ndipo wakubayo, angakhale apfuule cotani za ufulu wa dziko, ndiye woyamba kuugulitsa.

Tsono muyeso wathu ndi uwu. Mlendo alankhule, ndipo timmvere mwaulemu, tisamtukwane kapena kumpitikitsa cifukwa ca mau owawa. Cuma cace acite naco monga afuna, koma asalange wanjala ndi wodwala pa chimo la akuru. Pa ciweruzo ca bwalo aime kunja kwa mpanda, ngakhale tsiku limene mau ace akomera cipani cathu. Ndipo phungu asabise kusamvera kwace kumbuyo kwa mbendera ya dziko.

Ndipo ife a kumudzi, gawo lathu nciani? Ndi ili: kuti tiyambe ndife kulankhula, mlendo asanatsegule pakamwa. Ca manyazi si cakuti kazembe ananena za njala mu 2005, koma kuti mau ace anamveka ku Lilongwe msanga kuposa kulira kwa midzi yonse ya pakati pa Liwonde ndi nyanja ya Chiuta. Phungu wa dera lathu akabwera pa msonkhano, tisamfunse za mabokosi a maliro ndi ndalama ya m'thumba zokha. Timfunse kuti, Pa bilu yakuti munavota bwanji, ndipo cifukwa ninji? Amene tidziwa kulemba timlembere kalata, tiiwerenge pamaso pa a mfumu ndi anthu, tisunge cifanizo cace kufikira caka ca cisankho. Tiphunzitse ana athu kuwerenga Malamulo Akuru a dziko, amene anena kuti mphamvu ya olamulira icokera kwa anthu. Ndipo tsiku lina tikadzamva pa wailesi kuti akazembe ndi aphungu ayambananso, tisayambe ndi kufunsa kuti mlendoyo wakomera cipani citi. Tiyambe tafunsa ngati cimene wanenaco ncoona. Ndipo cikakhala coona, tidzifunse cifukwa cace ife eni tinakhala cete kufikira ananena ndi mlendo.